Mmene Mizinda ya ku Texas Imachepetsera Makampani Msonkho wa Malo

Ndakhala ndikusinkhasinkha za njira imene mizinda ya ku Texas, m'dziko la America, imatsata ikafuna kukopa makampani powachepetsera msonkho wa malo ndi nyumba, ndipo chimene chandichititsa chidwi ndi malire amene lamulo lotchedwa Chapter 312 limaika. Khonsolo singapereke mwayi umenewu isanalembe ndondomeko zake, zomwe zimatha mphamvu pakapita zaka 2, ndiponso isanasankhe dera limene ikufuna kulitukula. Mgwirizano ndi kampani sungapitirire zaka 10.

Mfundo imene ndimaiona kuti ndi yanzeru ndi yakuti msonkho umakhululukidwa pa mtengo wowonjezereka wokha. Kampani ikamanga fakitale pamalo amene anali tchire, msonkho wa malowo monga analili poyamba umalipiridwabe, kotero khonsolo sitaya ndalama zimene inkatolera kale. Kampaniyo ikalephera kumanga zimene inalonjeza, mgwirizanowo umapatsa khonsolo mphamvu yoitanitsa msonkho wokhululukidwa uja.

Komabe ndili ndi nkhawa. Kuyambira mu 2019 anthu amadziwitsidwa masiku 30 makhansala asanavote pa mgwirizano wotere, koma mwini golosale, amene wakhala akulipira msonkho wonse chaka ndi chaka, sabwera ndi maloya kumsonkhanoko monga imachitira kampani yaikulu.