Sabata yokonzekera mvula pa bwalo la masewera la m'dera

Sabata yomaliza ya Okutobala ndi imene imatipatsa ntchito yambiri ife oyang'anira mabwalo a masewera a m'madera muno mu Lilongwe. Dzuwa limakhala likuswa mtengo, kapinga wauma, fumbi lili koboo, koma ife maso amakhala ali pa mvula imene imayamba chapakati pa Novembala kapena kumayambiriro kwa Disembala, ndiponso pa ana amene adzadzaze bwalo sukulu zikatsekera. Chimene sichinakonzedwe panopa chimadikira mpaka Epulo, chifukwa mvula ikayamba ngalande yokumba kumene imagumuka, penti siuma, ndipo wilibala imatitimira m'matope. Bwalo lathu lili ndi malo a mpira wamiyendo a mamita 100 mulitali ndi 64 mulifupi, malo a ntchemberembaye, ngodya ya ana yokhala ndi akatungwe, chisakasa cha bawo, chitsime ndi zimbudzi. Antchito tilipo anayi.

Lolemba timayamba 5 koloko m'mawa kukangocha. Timafola mzere motalikirana mamita awiri ndi kuyenda pang'onopang'ono kuchoka pagolo la kumtunda kukafika la kumunsi, matumba ali m'manja, kenako kubwereranso mpaka bwalo lonse litatha. Timafuna magalasi a mabotolo, zitsekerero, misomali ndi zikhomo za matenti zimene zinatsala pa chisangalalo cha Tsiku la Anakubala pa 15 Okutobala. Ana ambiri amasewera opanda nsapato, ndiye chikhomo chimodzi chobisika m'kapinga chimakwanira kung'amba phazi.

Tikatero timapita kwa akatungwe. Tcheni sichiduka pakati. Chimadyeka pamwamba pamene chakolowekedwa ku chitsulo chopingasa, pamene munthu woima pansi sawona. Pamafunika kukwera pa makwerero, kunyamula mpando kuti tcheni chikhwefuke, ndi kuyang'ana mkati mwa mphete yoyambayo. Mphete yodyeka imanyezimira ngati yopukutidwa, ndipo imakhala ndi kamphako kamene chala chimamva bwinobwino. Ikadyeka gawo limodzi mwa magawo atatu timachotsa mpando tsiku lomwelo. Kungomanga chingwe kapena kulemba chikwangwani choletsa sikuthandiza, ana amamasula. Pansi pa katungwe pamafunika mchenga wa kumtsinje wokuya masentimita 30. Mapazi amaukankhira kumbali ndi kusiya dzenje louma ngati simenti, ndipo ndi pomwepo pamene mwana amagwera, choncho timaubwezera ndi reki Lolemba lililonse. Chitsulo chotsetserekapo ana timachiyesa masana ndi kuseri kwa dzanja: ngati dzanja silipirira masekondi asanu, timachiphimba ndi mphasa mpaka dzuwa litapendeka.

Magolo timawagwedeza anthu awiri. Paipi imachita dzimbiri pamene yakumana ndi dothi, pamwamba penti ili bwinobwino. Timafukula masentimita 10 kuzungulira phazi lake ndi kugogoda ndi hamala. Ikalira mobuma kapena ikamatekeseka, wowotcherera abwere Loweruka lisanafike, chifukwa anyamata amakonda kulendewera pa chitsulo cha pamwamba chija, ndipo golo likagwera mwana limapha.

Lachiwiri lonse limathera pa ngalande, ndipo m'maganizo mwathu iyi ndiyo ntchito yaikulu ya sabata yonse ngakhale kuti palibe amene amaiyamikira. Madzi ambiri amene amawononga bwalo si amene amagwera pabwalopo, koma amene amathamanga kuchokera kumtunda, kumsewu ndi pa malata a nyumba zoyandikana nalo. Choncho ngalande yoyamba imakhala ya kumtunda, yowatchinga asanalowe. Timaikumba mamita atatu kunja kwa mzere wa bwalo kuti wosewera wothamangira mpira asagweremo. Kuya kwake ndi masentimita 40, pamwamba masentimita 60, ndipo makoma ake amakhala opendekeka, chifukwa oongoka amagumuka mvula yoyamba yomwe.

Povuta ndi pa kutsetsereka kwake. Pamafunika kuti pansi pa ngalande pazitsika sentimita imodzi pa mita iliyonse. Ikatsetsereka kwambiri madzi amathamanga ndi kukumba chigwembe. Ikakhala yafulati madzi amadikha, ndipo pakatha sabata imodzi kapena kuposerapo pang'ono udzudzu umakhala waswana. Maso amanama pa ntchito imeneyi, ndiye timayeza ndi paipi ya pulasitiki yoonekera mkati, ya mamita 12. Timaidzaza madzi ndi kuigogoda kuti mpweya wonse utuluke, chifukwa kathovu kamodzi kamasokoneza muyezo wonse. Timazika ndodo ziwiri pansi pa ngalande motalikirana mamita 10, munthu aliyense n'kugwira nsonga ya paipi moimika pa ndodo yake. Madzi akakhazikika amaima pa msinkhu umodzi mbali zonse ziwiri. Aliyense amayeza kuchokera pamene madzi aima kukafika pansi, ndipo wa kumunsi apeze masentimita 10 kuposa mnzake. Akapeza ochepa tikumbanso, akapeza ambiri tibwezera dothi ndi kutsendera. Timasuntha chomwecho mpaka kumapeto.

Kumene ngalande yathera timakumba dzenje lomwetsera madzi, lakuya mita imodzi ndi theka, ndipo timalidzaza miyala mpaka pakamwa. Dzenje lotseguka pafupi ndi malo a ana silololedwa ngakhale kwa usiku umodzi. M'mphepete mwa ngalande ya kumtunda timadzabzala vetiva motalikirana masentimita 10 mpaka 15 mvula ikakhazikika, kuti azigwira dothi. Kalavati wa pachipata timamutokosa ndi nsungwi yaitali. Ngakhale boma linaletsa mapulasitiki opyapyala mu 2015, majumbo ndi amene timatulutsamo kwambiri, ndipo kalavati akatsekeka madzi onse a mumsewu amakhotera m'bwalo.

Lachitatu ndi la kapinga. Anthu amatifunsa chifukwa chake sitithirira bwalo lonse pamene chitsime chilipo. Masamu ake ndi awa: kuti dothi linyowe ngati kwagwa mvula ya mamilimita asanu, sikweya mita iliyonse imafuna malita asanu. Bwalo lonse lili ndi masikweya mita 6,400, kutanthauza malita 32,000 pa kuthirira kamodzi. Chitsime cha m'dera mu Okutobala sichingapereke madzi amenewo, ndipo amayi a pafupi amatunganso pomwepo. Choncho timasamala pamene pamatha kwambiri, kutsogolo kwa magolo. Kabokosi kakang'ono ka goloboyi ndi ka mamita 18.32 ndi 5.5, pafupifupi masikweya mita 100, ndipo kamafuna malita 500, ndowa 25 za malita 20. Zimenezo zimatheka.

Timatipula ndi foloko masentimita 10 mpaka 15, chifukwa nsapato zimakhala zatsendera dothi mpaka madzi salowa. Timasakaniza mawilibala asanu a manyowa owola bwino ndi mchenga pang'ono, ndi kudzaza kachigwa kamene goloboyi amakumba ndi mapazi. Zitosi za nkhuku zaziwisi zimawotcha mizu, ndipo ndowe zosawola zimabweretsa udzu wachilendo. Zoyanga za kapinga timazula kuseri kwa zimbudzi kumene amakhala wobiriwira, timazidula masentimita 15, ndi kuziwokera m'mizere yotalikirana masentimita 20, mfundo ziwiri m'dothi, nsonga panja. Kuthirira ndi madzulo okha. Chimene chimapusitsa ambiri ndi chizimalupsa: kamvula kakagwa amaleka kuthirira poganiza kuti dzinja lafika, kenako dzuwa limabwerera kwa masabata awiri kapena atatu, kapinga yense n'kupsa. Malo owokeredwa amafuna masabata anayi kapena asanu ndi limodzi osapondedwa, choncho timawatchinga ndi nsungwi ndipo matimu amasewera chopingasa ndi magolo ang'onoang'ono. Makochi amadandaula chaka chilichonse. Yankho lathu ndi lakuti akapirira mwezi umodzi tsopano, sadzasewera m'dziwe la matope mu Januwale.

Mbali yotsala ya bwalo sitiotcha, ngakhale ena amati moto umaphukitsa msipu. Dothi losiyidwa lamaliseche limakokoloka mvula yoyamba. Kapinga akaphuka timatchetcha ndi chikwakwa kusiya masentimita anayi kapena asanu.

Lachinayi timajambula mizere. Ngodya yoongoka timaipeza ndi chingwe: mamita atatu mbali ina, anayi mbali inayo, ndipo pakati pa nsonga ziwirizo pakhale mamita asanu ndendende. Malo a ntchemberembaye ndi a mamita 30.5 ndi 15.25, ogawidwa patatu mofanana. Theka la bwalo loponyera limayezedwa mamita 4.9 kuchokera pakati pa mzere wa golo, kabwalo ka pakati ndi ka masentimita 90 m'mimba mwake, ndipo mphete imakhala mamita 3.05 kuchokera pansi. Tisanapake chilichonse timayeza kuchokera ngodya ina kukafika yoyang'anizana nayo: pakhale mamita 34.1 mbali zonse ziwiri. Pa bwalo la mpira wamiyendo muyezo womwewo ndi mamita 118.7, malo omenyera penate ndi mamita 11 kuchokera pa mzere wa golo, ndipo mizere isapose masentimita 12 mulifupi.

Pali njira zitatu zimene tinazikana. Kukumba mizere ndi khasu kumabinyitsa akakolo, ndipo mvula ikabwera mzere uliwonse umasanduka kangalande. Oyilo wakutha wa galimoto amapha dothi. Laimu wopaka nyumba amawotcha m'maso ndi pabala mwana akagwerapo. Ife timagwiritsa ntchito laimu wa kumunda, amene sawotcha, kapena penti yoyera ya madzi yosungunula pa masewera akuluakulu.

Lachisanu timakhala pansi ndi komiti ya bwalo, aphunzitsi a masewera ndi makochi kugawana nthawi. M'nyengo yotentha ino palibe masewera a ana kuyambira 11 koloko mpaka 3 koloko masana. Amayi olimbitsa thupi amatenga m'bandakucha mpaka 6:30. Matimu amayamba 3:30, ndipo nthawi yawo ndi yochepa chifukwa dzuwa limalowa 6 koloko isanakwane. Maola a atsikana timawalemba pa bolodi la pachipata ndipo sasinthidwa, chifukwa popanda kutero anyamata akuluakulu amalanda malo a ntchemberembaye n'kuyamba kukankhirapo mpira, atsikana n'kubwerera kunyumba osadandaula kwa aliyense. Agogo a bawo alibe mkangano ndi munthu, amangofuna mthunzi, mabenchi ndi njere zawo 64 zokwanira. Amene akufuna bwalo pa ukwati kapena msonkhano amalemba m'buku ndi kusiya ndalama ya chikole, imene amabwezeredwa tikawerenga zikhomo zonse. Galimoto sizilowa pa kapinga. Timagwirizananso lamulo la dzinja: m'mawa wa masewera munthu aponde ndi chidendene pakati pa bwalo ndi kutsogolo kwa golo, madzi akatuluka masewera alephereka, zilibe kanthu kuti timu yachokera kutali bwanji.

Loweruka ndi tsiku la ana, kuyambira 7 koloko mpaka 10:30. Bwalo timaligawa patatu. Ana osakwana zaka 12 amasewera asanu ndi awiri mbali iliyonse, ndi mpira wa saizi 4. Mbali ina kumakhala fulaye ndi jingo, ndipo phada timamujambula pa simenti ya pafupi ndi chisakasa. Mwana aliyense timamuwerengera lita imodzi ndi theka ya madzi akumwa. Timathiramo mankhwala a klorini motsatira muyezo wolembedwa pabotolo, kudikira mphindi 30, ndi kuwaika m'ndowa za mpopi kuti pasakhale kuviika kapu. Chichitikireni mliri wa kolera wa 2022 ndi 2023, zimbudzi zimatsukidwa kawiri pa tsiku ngati limeneli ndipo mpondagiya amakhala ndi sopo nthawi zonse.

Pakatha mphindi 20 zilizonse wenzulo imalira, onse akamwe madzi, ofuna ndi osafuna omwe. Mwana amene kutentha kwamugonjetsa amayamba ndi mutu, chizungulire, kufooka kapena nseru. Timamugoneka pamthunzi, kumumasula zovala, kumuika nsalu yonyowa m'khosi ndi m'khwapa, ndi kumumwetsa Thanzi pang'onopang'ono, paketi imodzi mu lita imodzi ya madzi. Akayamba kubwebweta kapena akakomoka sitimumwetsa kanthu, timathamanga naye kuchipatala uku tikumuziziritsa. Za mphezi timaphunzitsa makochi kuwerenga: phokoso limayenda pafupifupi kilomita imodzi pa masekondi atatu, ndiye bingu likamveka masekondi 30 asanakwane chiwalireni ching'aning'ani, ana onse alowe m'kalasi ya njerwa, osati pansi pa mtengo kapena m'chisakasa cha bawo. Amatuluka pakatha mphindi 30 bingu lomaliza litamveka.

Lamulungu madzulo munthu mmodzi amathirira kapinga wowokera uja, enafe timakhoma zikhomo pamene padzakhale mitengo ya mthunzi. Nyengo yobzala mitengo imayamba pa 15 Disembala, koma mayenje amakumbidwa mu Novembala, masentimita 60 mbali zonse, dothi la pamwamba padera kuti lidzasakanizidwe ndi manyowa, ndipo amabwezeredwa dothi tsiku lomwelo kuti mwana asagweremo. Tasankha mbawa kumadzulo kumene oonerera amapsa ndi dzuwa, mamita 10 kuchokera pa mzere kuti mizu isadzalowe m'bwalo. Bulugamu tamukana chifukwa chitsime chili pafupi. Zikhomo zilipo 14, ndipo mtengo uliwonse ukufuna mpanda wake wa nsungwi chifukwa cha mbuzi, choncho sabata ya mawa iyamba ndi kudula nsungwi.