Ku England pa sitima ya pamadzi: chilumba chimodzi chinatsala pang'ono kundigwetsera ulendo

Ndafika ku Southampton, miyendo ikadali kuyenda ngati ndili pamafunde. Ndilembe msanga zisanandichoke m'mutu, chifukwa azakhali ku Chilenje, ku Lusaka, atopa kufunsidwa kuti mwana wawo anapita bwanji ku Ulaya osakwera ndege.

Sikunali kudzionetsa ayi. Khutu langa lakumanzere linaphulika kawiri, dokotala n'kunena kuti za ndege ndiiwale kaye, pomwe ntchito yosamalira okalamba inali ikundidikira. Za pasipoti ndi viza ya ku UK sindikambapo, mukuzidziwa. Kumbukirani chabe kuti pepala loyezetsa TB limatha mphamvu pakapita miyezi 6, ndiye musathamangire kuyezetsa musanadziwe tsiku lonyamuka sitima.

Amalume, amene anayendetsa mathiraki zaka zambiri, anandiuza motsimikiza kuti: "Kakwere sitima ya pamtunda ya TAZARA pa Kapiri Mposhi, ukafika ku Dar es Salaam sitima za katundu zili mbwee padoko." Zilipodi, koma zambiri zinaleka kunyamula anthu kuyambira nthawi ya Covid mu 2020. Ndinataya milungu iwiri ndikulemba makalata osayankhidwa. Njira yeniyeni ndi Cape Town. Sitima zikuluzikulu zoyendetsa alendo zimabwerera ku Ulaya cha m'ma Marichi ndi Epulo, ndipo ukaphonya nyengo imeneyo wadikira chaka.

Tsopano chimene chinandiwawa. Tikiti ndinagula kudzera kwa bambo wina wa kaofesi ka maulendo m'tauni. Ndinawafunsa bwinobwino ngati pakufunika china. Iwo, akusewera ndi foni: "Amayi, musadandaule. Namibia ndi kwathu komwe, kwinako mungokhala m'sitima osatsika." Za Namibia ananena zoona, pa Walvis Bay ife a ku Zambia sitifuna viza. Koma sitimayo imaimanso pa Las Palmas ku Canary Islands, ndipo zilumba zimenezo, ngakhale zili pafupi ndi Morocco, ndi dziko la Spain. Kutatsala milungu inayi, eni sitima ananditumizira uthenga kuti popanda viza ya Schengen, yolowera ku Spain ndi mayiko ena ambiri a ku Ulaya, sindikwera n'komwe, kaya nditsika kaya sinditsika. Funsani madoko onse amene sitima idzaime, limodzi ndi limodzi, ndipo mufunse eni sitima, osati wogulitsa tikiti.

Ndinadzuka 5 koloko m'mawa, mabasi awiri, n'kukaima pamzere pa ofesi yolandira mafomu. Nditafika pawindo cha m'ma 11, mayi wa mkatimo anatenga pepala langa la inshuwalansi, n'kulemba mzere ndi cholembera chofiira, n'kulikankhira pansi pa galasi osandiyang'ana. Akuti silikusonyeza kuti inshuwalansiyo ikufika ma euro 30,000 amene amafunika pa vizayo. Chithunzi nachonso akuti kumbuyo kwada. Bwanji osalemba zimenezi pakhomo, munthu aone asanaime maola anayi padzuwa? Ndinatuluka n'kukakhala pamwala panja, chimanga chootcha m'manja, osachidya. Tsiku lonse linapita choncho, ndipo lina loti ndibwerenso linapezeka patatha sabata. Ma euro 90 a viza, kuwonjezapo ya ofesiyo, ya inshuwalansi yatsopano, ya zithunzi, zonsezi chifukwa cha chilumba choimapo maola ochepa. Bambo aja nditawabwerera anangoti, "Pepani amayi, malamulo amasinthasintha." Sanasinthe kanthu, iwowo sankadziwa basi.

Ndaiwala za basi. Ndinakwerera pa siteshoni ya Intercity ku Lusaka, kudzera ku Livingstone ndi pa mlatho wa Kazungula, kudutsa Botswana mpaka Johannesburg, kenako makilomita ena pafupifupi 1,400 kukafika ku Cape Town. Fikani kukadali masiku awiri, chifukwa basi ikafa panjira sitima siyembekeza munthu. Pamalire a South Africa anandifunsa kuti ndidzatuluka liti, ndiye tikiti ya sitima ikhale yosindikiza papepala, m'chikwama cha m'manja, osati m'foni yoti batire yatha kalekale.

Pamadzipo tinakhala milungu iwiri ndi masiku angapo. Masiku atatu oyamba ndinasanza mpaka ndulu, gulani mankhwala a chizungulire musanakwere. Chokoma n'chakuti katundu sakuvutitsa ngati pa ndege: masutikesi atatu, zitenje, ngakhale mthiko wa amayi unawoloka nyanja. Nsima yokha ndiye musaiyembekezere.

Ndibwerezenso, funsani za madoko. Pa doko la Cape Town ndinaona bambo wina atakhala pa sutikesi yake, mapepala ali m'manja, akukangana ndi a pageti za viza yomweyo, ife tikukwera.

Pa Las Palmas ndinatsika dala, mvula ikuwaza. Ndinayenda mpaka pa kasitolo koyamba, n'kugula khofi mmodzi, n'kujambula chithunzi chotumizira bambo a kaofesi aja. Mpaka lero sanayankhe.