Mmene ndinathanirana ndi matabwa ofumbwa pa Bedford MW

Lole imene ndikunenayi ndi Bedford MW, ija ya 15 cwt (yonyamula katundu wolemera pafupifupi 760 kg) imene a kampani ya Vauxhall ankapanga ku Luton kuyambira 1939 mpaka 1945. Tchesi ndi yachitsulo koma bodi yakumbuyo, pansi ndi m'mbali momwe, ndi matabwa. Mwini wake ndi mdala wina kuno ku England amene ndimamuthandiza pa wikendi, ndipo loleyi inakhalitsa m'shedi yodontha ya pa famu, ndiye mukudziwa kale.

Titachotsa tenti tinapeza timabowo tozungulira ta 1 mpaka 2 mm mbwee pafupifupi thabwa lililonse. Apa ndi pamene anthu ambiri amapupuluma nkuyamba kupopera mankhwala, koma bowolo sikuti likusonyeza kuti kachilombo kali mkati, mpamene kanatulukira, mwina kalekale. Kachilomboka dzina lake ndi Anobium punctatum, kamaikira mazira m'ming'alu, mphutsi nkulowa mkati kumadya thabwa zaka zitatu kapena zinayi osaoneka, kenaka kamatuluka kali ndi mapiko, kunoko nthawi zambiri pakati pa Meyi ndi Ogasiti.

Ndiye choyamba ndinafuna kudziwa ngati akadalimo. Ndinapukuta paliponse ndi vakyumu, nkuyala pepala lakuda pansi pa bodi, malo ena ndinamatapo tishu pamwamba pa mabowo. Patapita masabata ndinapeza timilu ta fumbi loyera papepala paja, ngati ufa umene anankafumbwe amasiya pansi pa thumba la chimanga, ndipo ukalitikita ndi zala limamveka ngati kamchenga. Mabowo atsopano amakhala oyera mkati, m'mphepete mwakuthwa, akale amakhala akuda odzadza litsiro. Kumbali yakumanzere, komwe denga linkadonthera, tishu inabooka. Kumanja zii.

Kenaka tinamasula thabwa lililonse, ndipo ndisanachotse ndinkalemba nambala ndi choko nkujambula pa foni, chifukwa mabowo a mabawuti safanana olo matabwawo akuoneka ofanana. Mabawuti ambiri anali atachita dzimbiri moti tinangodula ndi galainda. Thabwa lililonse ndinkalibaya ndi sikuludiraiva. Ikangolowa fwaa osalimbana nayo, basi limenelo latha, makamaka mitanda yonyamula katundu, sindinanyengerere ayi. Mdala ankafuna tisunge zonse poti ndi zoyambirira za nthawi ya nkhondo, tinakanganako pang'ono, koma lole imeneyi ikayenda pamsewu anthu atakhala kumbuyo. Tinagwirizana kuti matabwa a m'mbali amene anangodyeka m'mphepete tidule podyekapo nkuikapo chigamba. Mphutsizi zimakonda mbali ya mtengo yakufupi ndi khungwa, mtima wa mtengo nthawi zambiri zimausiya, ndiye thabwa limatha kuoneka loopsa koma pakati lili bwinobwino.

Mankhwala salowa pa penti. Ndinapala kaye, nditavala masiki, ndikunyowetsa sandipepa, chifukwa penti wakale wotere amatha kukhala ndi mtovu. Ndinagwiritsa ntchito mankhwala a permethrin, ndi burashi osati kupopera, kudzoza mpaka thabwa litakhuta, kumapeto kwa thabwa komwe limamwa kwambiri ndi m'ming'alu ndinabwereza. M'mabowo ndinkathira ndi jekeseni, ukathira apa amatulukira bowo lina uko, mpamene umazindikira kuti mkati monse ndi njira zokhazokha. Chenjezo, permethrin amapha amphaka ndi nsomba, mphaka wa pa famupo tinamutsekera kunja mpaka zonse zitauma, ndipo zotsala musatayire mu ngalande. Ena amakonda mankhwala a boron, alibe fungo ndipo amalowa bwino m'thabwa lonyowa, vuto lake amasungunuka ndi madzi, pa galimoto yoyenda pamvula uyenera kuwatsekera ndi penti.

Tizidutswa ting'onoting'ono, monga ta bokosi la zida, sindinathire mankhwala. Ndinakulunga m'pulasitiki nkuika mu firiza ya -20°C kwa masabata awiri, nkusiya tisungunuke pang'onopang'ono tili mokulunga momwemo kuti tisang'aluke. Kutenthetsa kumaphanso, bola pakati penipeni pa thabwa pafike 55°C, koma ife tinalibe chipangizo chake.

Gawo limene anthu amalidumpha ndi chinyezi. Thabwa likauma kufika pansi pa 12% mphutsizi zimavutika kukhalamo, ndiye ndinagula kamita koyezera chinyezi, kotchipa ndithu, nkudikira kuti manambala atsike ndisanapente. Matabwa atsopano nawonso ndinawadzoza mankhwala nditamaliza kudula ndi kuboola, osati ndisanadule. Mabowo akale onse ndinatseka ndi fila (phala lomatira mabowo a m'matabwa), osati chifukwa cha kukongola kokha, koma kuti bowo lililonse limene lioneke chaka chamawa tidziwe kuti ndi latsopano. Permethrin safika pakati pa thabwa lokhuthala, amapha kachilombo pamene kakutuluka, choncho mabowo ochepa atha kuonekabe zaka ziwiri zitatu zikubwerazi. Loleyo pano tinaisamutsira m'shedi ina ya simenti pansi yopita mphepo, ndipo Meyi akafika tiyalanso pepala lakuda.