Mapepala 800 aja apita kuti?

Hii, nkhani ya kawerengedwe ka mavoti pachisankho tsopano ndiye yalowa m'mutu. Za 50+1, zoti wopambana apeze mavoti oposa theka, tonse tikuzidziwa, sindibwerezanso. Chinkandizunguza n'chakuti voti ndi yachinsinsi, nanga munthu angatsimikize bwanji kuti yawerengedwa bwino? Kani nkhani yagona pa kuwerenga mapepala ovotera enieniwo, musanaone n'komwe kuti achonga ndani.

Tinene kuti pamzere wina wa pamalo ovotera alandira mapepala 800. Pofika madzulo osagwiritsidwa ntchito atsala 190, ndipo 10 ndi aja wovota walakwitsa n'kubweza asanaponye. Ndiye m'bokosi muyenera kutuluka 600 ndendende. Mayina ochongedwa m'kaundula akhalenso 600. Mavoti a opikisana onse, kuphatikizapo owonongeka opezeka m'bokosimo, akwane 600 yomweyo. Mukatuluka 640, pali 40 opanda mwini: mwina alowetsedwa mwakabisira, mwina wina walemba molakwika. Pamenepo n'kuwerenganso pompo, mamonita oimira opikisana akuona, asanasayine. Kenaka monita aliyense atenge pepala lake la zotsatira losayinidwa.

Nditamvetsa zimenezi, mlandu wa chisankho cha pa 21 May 2019 unamveka wokha. Mafomu 66C, olembapo zotsatira za pamalo ovotera, ena anapakidwa tipeksi, ena anali madupuliketi, ena analibe siginecha ya woyang'anira malo ovotera. MEC, bungwe loyendetsa zisankho, inkanena kuti tipeksiyo kwenikweni inakonza masamu a mapepala, osati mavoti a opikisana. Koma masamu amenewo ndiwo mlonda wa mavotiwo! Ukawafufuta kuti agwirizane, wazimitsa chokhacho chimene chikanaulula vuto. Oweruza asanu a mlanduwo anathetsa chisankho cha pulezidenti pa 3 February 2020, anthu n'kuvotanso pa 23 June.

Kwa ine, kuwonkhetsa kumeneku kumaposa makina alionse. Cholembera ndi maso a anthu odana ndale atazungulira tebulo limodzi, basi. Chondinyansa n'choti m'kalasi nthawi imathera pa matanthauzo a mitundu ya zisankho, fomu yeniyeni osatigwiritsa n'kamodzi komwe. Mayeso nawo ayandikira.

Komabe pali pena pakundivuta. Ngati wina waponya mapepala 40 n'kuchonganso m'kaundula mayina 40 a anthu amene sanabwere, masamu onse agwirizana bwinobwino. Otsala ogwira mbavayo ndi mamonita okha, amene mwina atopa, ndi usiku, akuwerengera pa nyali. Ndiye chodalirika ndi pepalalo kapena anthuwo? Apa sindinakhazikike maganizo.