Mphongo yachiwiri yatsika kuphiri ikuyenda ndi miyendo yonse inayi

Sabata yathayi ndatsitsa nkhosa yanga yamphongo kuchokera kumsipu wa kuphiri, komwe yakhala ndi zazikazi 32 kwa masabata asanu ndi limodzi. Yatsika itaonda ndithu, moti ndikaika dzanja pamsana ndikumva mafupa amene poyamba anali obisika, koma ikuyenda bwino, sikutsimphina, ndipo itangolowa m'khola inayamba kudya udzu wouma ngati kuti palibe chimene chachitika. Kuonda kotere sikukundidetsa nkhawa, chifukwa mphongo imene ikugwira ntchito yake imaiwala kudya. Ndikulemba izi pofuna kusunga mbiri ya mmene ndafikira pano, popeza chaka changa choyamba m'ntchito imeneyi sichinathe chonchi.

Mphongo yanga yoyamba ndinaigula ndi maso okha. Inali yaikulu, yotakata pachifuwa, yaubweya woyera bwino, ndipo pakati pa zinzake zonse zimene zinali pamalonda tsikulo inkaoneka ngati mfumu. Chimene sindinafunse n'chakuti thupi limenelo inalipeza bwanji. Ndinadzazindikira pambuyo pake kuti inakulira m'khola, ikudya chakudya chonenepetsa cha m'matumba, ndipo inali isanakwerepo chitunda chiyambire kubadwa. Nditaitulutsira kuphiri, pasanathe masabata atatu thupi lonse lija linasungunuka. Zazikazi zinkabalalika m'matanthwe kufunafuna msipu monga zinazolowerera, iyo n'kumangokhala pafupi ndi pomwera madzi, ikupuma mwawefuwefu. Chaka chimenecho mikota yambiri sinatenge bere pa nthawi yake, ndipo ana amene anabadwa anabwera motalikirana kwambiri, zimene zinandivutitsa posamalira.

Dokotala wa ziweto amene ndinamuitana ndiye anandifotokozera zinthu ziwiri zimene ndinali ndisanazidziwe. Choyamba n'chakuti mafuta akachuluka m'thumba la mavalo, mavalowo amatentha kuposa mmene amafunikira, ndipo mbewu yake imafooka. Chachiwiri n'chakuti mbewu ya mphongo imatenga pafupifupi masabata asanu ndi awiri kuti ipangike, kotero mphongo ikadwala n'kutentha thupi lero, kapena ikavutika ndi chiboda, vuto lake limadzaonekera patsogolo, pamene mwini wake akuganiza kuti zonse zinatha kale. N'chifukwa chake tsopano ndimayeza mphongo kutatsala masabata khumi kuti ilowe kwa zazikazi, kuti ngati pali chokonza, nthawi ikhalepo.

Pofunafuna yachiwiri ndinadziikira lamulo limodzi: ndigule kwa munthu amene malo ake ndi okwera ndiponso ovuta kuposa anga. Nkhosa yochokera pamalo ouma ikafika pamsipu wabwinoko imasangalala, pamene yochokera kuchigwa chachonde ikapita kumtunda imavutika. Ndinapita ndekha kukaona ziwetozo zili kubusa, ndipo ndinapempha kuti andionetse mayi wa mphongo imene ndinaikonda. Unali mkota wokalamba, wosaoneka bwino kwenikweni, koma mano ake anali onse, ndipo mwini wake anati wakhala ukulera ana ake wokha chaka ndi chaka popanda kuthandizidwa pobereka. Zimenezo zinandikhutiritsa kuposa kukula kwa mphongoyo, imene kunena zoona inali yocheperapo kusiyana ndi yoyamba ija.

Kenaka ndinaigwira n'kuiyang'ana bwinobwino, kuyambira kukamwa. Nkhosa ilibe mano akutsogolo kumwamba. Ili ndi nkhama zolimba zokha, ndipo mano asanu ndi atatu a m'munsi amayenera kugunda pankhamazo ndendende. Ndinalowetsa chala n'kuchiyendetsa m'mphepete mwa mano uku kukamwa kuli kotseka, kuti ndimve ngati akutulukira kutsogolo kapena akutsalira kumbuyo, chifukwa chibwano chosakumana bwino chimapita kwa ana, ndipo nkhosa yotero singathe kubudula udzu waufupi wa m'miyala. Inali ndi mano awiri aakulu pakati, kusonyeza kuti yapitirira chaka koma sinafike zaka ziwiri, zimene zinagwirizana ndi zomwe wogulitsayo ananena. Ndinaikhazika chamatako n'kutsegula pakati pa ziboda zonse, kununkhiza ngakhale, popeza matenda oola ziboda amadziwika ndi fungo lake asanaonekere bwino. Mavalo ndinawafinya pang'ono kuti ndione ngati ali ofanana, olimba ngati mnofu wa mkono woumitsa, opanda zotupa, ndipo tepi yoyezera inasonyeza masentimita 33 kuzungulira pamene pali pokulira. Nyanga zake nazo ndinazionetsetsa, chifukwa nyanga yopindikira pafupi kwambiri ndi tsaya imadzalowa m'mnofu ikamakula. Zala zanga ziwiri zinadutsa bwino mbali zonse.

Nditafika nayo sindinaisakanize ndi zinzake kwa masabata anayi. Ndinaipatsa mankhwala a njoka za m'mimba n'kuisunga pamalo opanda udzu kwa masiku awiri oyamba, kuti mazira a njoka zimene inabwera nazo asagwere pamsipu wanga, makamaka poganizira kuti njoka zosamva mankhwala nthawi zambiri zimalowa m'khola kudzera m'chiweto chogula. Ndinkaiyang'ananso m'kati mwa chikope cha m'munsi pogwiritsa ntchito khadi la FAMACHA, njira imene inayambira ku South Africa, yomwe imayerekezera mtundu wa chikopecho kuyambira pa 1, pofiira bwino, kufika pa 5, poyera chifukwa chosowa magazi. Njoka yotchedwa Haemonchus contortus ndi imene imayamwa magaziwo. Mphongo yangayi sinapitirirepo pa 2, ndipo ndimalemba zimenezi chifukwa mphamvu yolimbana ndi njoka nayo imapita kwa ana.

Ndikamawerenga za mitundu ya nkhosa yodziwika ndi kupirira, ndimaona kuti uliwonse unaumbidwa ndi malo ake. Scottish Blackface, Swaledale ndi Herdwick ndi nkhosa za m'mapiri ozizira a ku Britain, zimene zimakhala panja m'mvula ndi m'chipale, pamene Red Maasai ya kum'mawa kwa Africa imadziwika ndi kupirira njoka za m'mimba, ndipo Dorper anaipanga ku South Africa pokweretsana Dorset Horn ndi Blackhead Persian kuti ipirire malo ouma. Palibe umodzi mwa mitunduyi umene ungapambane paliponse. Chimene chinandigwira mtima kwambiri pa Herdwick ndi zinzake za m'mapiri n'chakuti mikota imadziwa dera lake la msipu popanda mpanda, ndipo imaphunzitsa ana ake malire omwewo. Ndaona khalidwe lomweli pa zanga: banja lililonse lili ndi mbali yake ya phiri imene limakonda. Tanthauzo lake kwa ine n'lakuti zazikazi siziyenera kusinthidwasinthidwa, ndipo magazi atsopano amalowa m'gulu kudzera mwa mphongo, imene imapereka theka la chibadwa cha mwana aliyense wobadwa chaka chimenecho. Munthu akalakwitsa pogula mkota umodzi wataya pang'ono, koma akalakwitsa pa mphongo, cholakwacho chimakhala m'misoti yake kwa zaka zambiri.

Kuti ndidziwe mmene ntchito ikuyendera kuphiri, ndinkaipaka utoto pachifuwa, pakati pa miyendo yakutsogolo, kuti ikakwera yaikazi isiye chizindikiro kumbuyo kwake. Ndinayamba ndi wachikasu, n'kusintha kukhala wofiira patatha masiku 17, popeza yaikazi imene sinatenge bere imafunanso mphongo pakatha masiku pafupifupi amenewo. Munthu amayamba ndi utoto wowala n'kumapita ku wodera kuti watsopano uphimbe wakale. Zazikazi 27 zinatenga wachikasu n'kusabwereranso, zitatu zinayamba kuoneka ndi wofiira, ndipo ziwiri zinali ndi mitundu yonse iwiri, kusonyeza kuti ulendo woyamba sizinatenge. Bere la nkhosa limatenga masiku pafupifupi 147, kotero ndawerengera kale masabata amene ndiyenera kukhala pafupi ndi khola. Chiwerengero cha 32 ndikuona kuti chinali chokwanira kwa mphongo imodzi ya msinkhu umenewu pamalo otambalala ngati anga, pamene imayenda mtunda wautali kuti ipeze yaikazi iliyonse. Kuchigwa ikanatha zambiri.

Iyi ndi nyengo yake yachiwiri, ndipo apa ndi pamene pali vuto limene ndikulisinkhasinkha. Misoti yake yoyamba idzakhala yokwanira kukweredwa nyengo ikubwerayi, ndipo sindingalole kuti ikwere ana ake omwe, chifukwa kukweretsana pachibale kumafooketsa chimene ndikufuna kulimbitsacho. Ndiyenera kuisinthanitsa ndi ya mlimi wina, kapena kupatula misotiyo n'kuipezera mphongo yake. Mwa ana ake aamuna ndasiya mmodzi wosafula, wobadwa kwa mkota umene sunadwalepo ziboda, amene anaimirira n'kuyamwa yekha atangobadwa ndipo wakula ndi msipu wokha. Ameneyu sangagwire ntchito pa alongo ake, koma akhoza kukhala chimene ndingapereke posinthanitsa, ngati mano ndi nyanga zake zidzakhale bwino akadzakwanitsa chaka.

Pakadali pano ntchito ndi yobwezeretsa thupi la mphongo yaikuluyi pang'onopang'ono, ndi udzu wabwino ndi madzi okwanira. Chakudya cha m'matumba ndikuipatsa chochepa kwambiri, chifukwa chikachuluka chimayambitsa timiyala m'njira ya mkodzo mwa zamphongo, ndipo cha ng'ombe sindiyandikiza n'komwe, popeza mchere wa kopa (mkuwa) umene umakhalamo umatha kupha nkhosa. Mawa ndiiphatikiza ndi mwana wake uja m'kachipinda kopanikiza kwa masiku awiri, kuti zizolowerane fungo zisanapeze mpata wobwerera m'mbuyo n'kugundana mitu.