Foni yotchajidwa pa uvuni wa nsomba ku Makawa

Sabata ino ndinali kunyanja pafupifupi tsiku lililonse. Lolemba ndinanyamula timamoju tinayi topangira magetsi, topangidwa ndi chinthu chotchedwa bismuth telluride, kupita nato ku Makawa komwe amayi ena amawamba utaka ndi mlamba, cholinga choti moto womwewo wowambira nsomba uzitchajanso foni. Kamojuko ndi kambale kakang'ono, mbali imodzi kakatentha ina ili yozizira kamatulutsa magetsi, zimene Thomas Seebeck anatulukira mu 1821. Basi, palibe choyenda mkati, palibe dizilo.

Vuto kuno ndi mbali yozizirayo. Dzuwa la Okutobala ku Mangochi mukulidziwa, madzi a mu kapoto kamene ndinaika pamwamba kuti aziziziritsa amafunda msanga, ndiye mita yoyezera magetsi inkangotsika ine ndikuyang'ana. Lachiwiri madzulo titasintha madzi kangapo foni ya mayi wina inayamba kutchaja pa 5 volts, iwo nkuti "achimwene, ndiye kuti kutchajitsa pa msika kwatha?" Ndinawauza kuti tidikire kaye.

Lachitatu kamoju kamodzi kanasweka. Chitsulo cha uvuni chinapindika ndi moto, ndipo bismuth telluride ndi youma ngati mbale yadothi, siipindika, imangothetheka. Zinandiwawa kwambiri chifukwa zinthuzi timaitanitsa kunja ndipo tellurium, yomwe amapangira bismuth telluride, ndi yosowa padziko lonse, mtengo wake si wamasewera.

Usiku umenewo sindinagone msanga, ndinabwerera ku zomwe ndakhala ndikuwerenga za ma carbon nanotube. Ndi timachubu ta kaboni, kaboni yemweyu wa m'makala, tating'ono moti tina nanomita imodzi yokha m'lifupi (ndiko kuti milimita imodzi kuigawa kamiliyoni), Sumio Iijima wa ku Japan ndi amene anatitchukitsa mu 1991. Akatisakaniza ndi pulasitiki yodutsa magetsi ngati PEDOT:PSS pamatuluka kansalu kopepuka kopindika, koti ungakulunge pa paipi yotentha osasweka. Ndikaganiza za chitsulo chopindika chija mtima umalakalaka. Koma nato tili ndi matenda ake, timadutsitsa kutentha bwino kwambiri, ndiye mbali yozizira imafunda msanga, nkhondo yomwe ija ndimamenya ndi kapoto kanga. Nchifukwa chake ZT yake, nambala yoyezera ubwino wa zinthu zimenezi, idakali pansi pa ya bismuth telluride yomwe imafika cha pa 1. Komanso kuti ukhale ndi moju pamafunika mitundu iwiri ya zinthu zodutsa magetsi, yotchedwa p ndi n, ndipo wa n uja okosijeni wa mumpweya amaubweza kukhala p, mpaka amachita kuupaka mankhwala otchedwa polyethyleneimine kuti ukhazikike. Pulasitikiyo nayo moto wa uvuni singaupirire, malo ake ndi pofunda chabe ngati pa chumuni.

Lachinayi ndinangokhala pa shopu kudula kapuleti ka aluminiyamu kokhuthala koti kazikhala pakati pa uvuni ndi moju. Lachisanu tinamanga, timamoju titatu totsala tinapirira mpaka nsomba zonse zitauma. Mayi aja anatchaja foni ziwiri ndi tochi, ndipo mwana wawo ndi amene anagwira ntchito yotunga madzi kunyanja nkumasintha mu kapoto.