Zoti ndinagona pa miyendo ya apongozi

Inde zinachitika, mpando wa dalaivala m'galimoto mwanga unagwa chagada ine nkugonera pa miyendo ya apongozi, ndipo kavidiyo kake kamene anajambula anyamata a kabaza nanenso ndakaona, musavutike kunditumizira. Koma amene mukuti vuto ndi galimoto yakale mukhale pansi kaye. Peugeot 504 ngati yangayi inawina mpikisano wa Safari Rally ku Kenya mu 1975, miyala, matope, fumbi, zonse. Tima Vitz tanuto titayesa tingathere pa kilomita yoyamba.

Vuto linali la mpando basi. Mkati mwa chopindira mpandocho muli kachitsulo ka mano kamene kamalumana ndi kanzake, ndiye pali sipuling'i yokakankha kuti kasasiye, ukakoka chogwirira cha m'mbali mano amasiyana mpando nkugona. Mwanga mano anali ataperepeseka, sipuling'i inaduka ndi dzimbiri mwina kalekale. Poyamba ndimangochirikiza ndi kireti ya mabotolo kumbuyo ndipo imagwira bwinobwino, koma madam anati zikuchititsa manyazi. Ndiye mudziwe pamene nkhaniyi inayambira.

Ndinamasula mabawuti, kuzula mpando wonse, kupita nawo ku Ndirande kwa wowotcherera. Anadontheza chitsulo pa mano paja ine nkusongola ndi tupa limodzilimodzi, girizi mbwee. Sipuling'i yeniyeni ya 504 mungaipeze kuti masiku ano? Ndinaikamo ya sitandi ya njinga, ndipo musaseke, kutalika kwake kunali ndendende. Ndinayesa pakhomo, kudzigwetsera chagada ndi mphamvu zonse, mpando uli nji.

Loweruka tikupita ku chinkhoswe, madam pambali, apongozi kumbuyo kwanga kwenikweni atavala chilundu chatsopano. Tafika pamene panaima a traffic, wapolisi wakweza dzanja, ine ndaponda kilatchi, ndipo kilatchi ya galimoto imeneyi siyoponda ndi chala, umakankha ndi msana womwe. Ndinangomva kuti twa!

Aise. Msewu unasowa. Ndinaona denga la galimoto, kenako chibwano cha apongozi. Mutu wanga uli pa miyendo yawo phee, munthu amene chikwatirireni mwana wawo sindinadyepo naye mbale imodzi, tikakumana panjira ndimapatukira kutchire, moni timapatsana aliyense akuyang'ana kwake. Lero ndikuwaona m'mphuno. Phazi linachoka pa kilatchi, galimoto inadumpha ngati chule nkuzima, manja anga akadali m'mwamba kugwira chiwongolero chimene chatsala kutsogolo. Ndinaona kuti pa duku pawo pali kapini kobiriwira. Ndinaona kuti ndolo imodzi yapindika. Nthawi yoona zonsezi inalipo chifukwa palibe amayankhula, ndipo kudzuka kumafuna kuti ndigwire penapake, penapakepo nkukhala bondo lawo.

Ndiye ndinaomba m'manja, chigonere chomwecho, nkuti "Mwaswera bwanji amayi?" Ulemu sutha chifukwa cha ngozi. Iwo akuyang'ana pawindo anangoti "Taswera, kaya inu akamwini. Mwatopa?"

Wapolisi anafika pawindo nkupeza mpando wa dalaivala mulibe munthu. Anafunsa madam kuti oyendetsa athawira kuti, madam osatha kuyankha, misozi ili chuchuchu ndi kuseka, anangoloza kumbuyo. Bwana uja anasuzumira, kundiyang'ana, kuyang'ana apongozi, nkuti "Bambo, laisensi mupereka muli chigonere?" Inali m'thumba la kumbuyo. Tangoganizani.

Tsono amene mukuti ndi sipuling'i ya njinga, bodza, ndinakamasulanso madzulo ake sipuling'i ili bwinobwino. Chinathyoka ndi dzino limodzi la wowotcherera uja, ndiye linakoka anzake. Mbali ya ine inagwira.

Ku chinkhoswe tinafika, apongozi pobwerera anakwera minibasi, akuti amafuna kutsikira kumsika. Kireti yabwerera pamalo pake. Amene akudziwa kumene kuli 504 yakufa yokhala ndi mpando wa kumanja andiuze ku inbox, osati pano.